Mtengo wa wosewera wovulala suthera pa draft pick

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa mkangano umene sutha pakati pa ife odzuka 3 koloko usiku kuonera NBA, ligi ya basketball ya ku America: kodi timu imachita mwanzeru ikapereka draft pick, mwayi uja wosankha wachinyamata wongolowa kumene mu ligi, n'kutenga wosewera amene akutsimphina?

Ine ndimayezera pa Kristaps Porziņģis. Mu February 2018 anaduka mtsempha wa bondo lakumanzere akusewerera New York Knicks. Pa 31 January 2019, asanabwererenso m'bwalo, Dallas Mavericks inamutenga, n'kupereka osewera atatu ndi ma pick awiri a raundi yoyamba. Anzanga ena mpaka lero amadandaula ma pick amenewo ngati anali a kwawo. Koma taonani pamene anagwera: nambala 21 mu 2021, nambala 24 mu 2024. Timu yokhala ndi katswiri ngati Luka Dončić, amene Dallas inali naye nthawi imeneyo, imapambana masewero ambiri, ndipo ikamapambana pick yake imatsikira kumunsi, kumene akatswiri enieni amapezeka mwa apo ndi apo. Pamenepo Dallas sinaluze zambiri.

Chimene chinawapweteka n'china. Kontirakiti ya Porziņģis inali kutha chaka chomwecho cha 2019. Atataya kale ma pick awiri, akanamusiya bwanji kuti apite? Mu July 2019 anamusainitsa zaka zisanu pa madola 158 miliyoni, munthu asanavalepo yunifolomu yawo m'masewero ngakhale amodzi. Apa ndi pamene timu imadzimanga yokha manja: ukalipira polowa, umakakamizika kulipiranso kuti anthu asakuseke. Ndipo mawondo a munthu wotalika pafupifupi mamita 2.2 sawerenga kontirakiti. Mu 2020, ma playoff (masewero ochotsana polimbirana chikho) ali mkati, linavulala bondo linalo, lakumanja. Pofika February 2022 Dallas inatopa, n'kumutumiza ku Washington, ndipo chaka chomwecho inafika mu fainolo ya chigawo cha kumadzulo iye kulibe.

Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wachabe, ayi. Mu 2024 anatenga chikho ali ku Boston Celtics, ndipo anagonjetsa Dallas yomweyo. Masewero oyamba a fainolo analowa kuchokera pa benchi n'kuponya mapointi 20, ine tulo n'kutheratu. Kenako anavulalanso, n'kuphonya masewero awiri. Boston sinagwedezeke, chifukwa inali ndi Jayson Tatum, Jaylen Brown ndi mkulu uja Al Horford woti n'kutseka dzenje. Kwa iwo Porziņģis anali ndiwo yoonjezera. Dallas inkafuna akhale mzati wachiwiri wa nyumba, woti aziima pambali pa Luka usiku uliwonse, ndipo mawondo akewo anakana.

Ndiye amene akuwerengera ma pick, ayambe awerenga zaka zatsala pa kontirakiti, aonenso amene ali pa benchi woti adzasewere tsiku limene wogulidwayo adzakhale atavala jekete pambali pa bwalo.

Ine wokonda basketball,
Zomba