Kodi bambo anga abalalika kapena asokonezeka?

Zikomo amayi a malangizo,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mayi anga anapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo kuyambira pamenepo ndikusunga bambo anga, omwe ali ndi zaka 71.

Poyamba ankangokhala duu pakhonde, ukawalankhula n'kuyankha mochedwa ngati wawadzutsa kutulo. Tonse tinkati abalalika ndi maliro, mtima ukhala pansi. Koma chaka chino zafika pena. Amathira mchere mu tiyi n'kumwa osadandaula. Kawiri konse andiitana ndi dzina la malemu mayi. Mwezi watha anatuluka kukagula sopo pagolosale yapafupi, tinakawapeza madzulo pamsika wa Zingwangwa, sopoyo ali m'manja, akufunsa anthu njira yopita kwawo ku Thyolo.

Banja litakumana, ndinati bambo asokonezeka mutu, tipite nawo kuchipatala. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anadzambatuka pamkeka: "Iwe mwana, ukuti achimwene anga ndi amisala? Ukufuna ukawataye ku Zomba? Abalalika chabe awa!" Mpaka lero sakuyankha foni yanga.

Kubalalika ndimakudziwa, amayi. Tsiku lomwe tinkafunafuna thupi la mayi ku Queens, ndinafika kunyumba opanda nsapato, osadziwa komwe ndinazivula. Maganizo anamwazikana ngati anapiye ataona mphamba, koma patapita masiku anabwerera okha m'khola. Bambo anga maganizo awo sakubwerera. Nthawi zina sadziwa tsiku, sadziwa malo amene ali, ndipo chimenecho ndicho ndinachitcha kusokonezeka. Za misala sizinali mumtima mwanga, ndipo zikundipweteka kuti azakhali anamva choncho za bambo amene anandilera.

Ndithandizeni. Kodi mawu awiriwa amasiyanadi momwe ndikuwamvera inemu, kapena ndinalakwa kutchula "kusokonezeka" pamaso pa akuluakulu? Kwa adokotala ndikanene liti kuti akamvetse zomwe ndikuona pakhomo? Nanga azakhali ndikawapepese motani, popanda kubweza ganizo lopita ndi bambo kuchipatala? Masiku ano ndimagona chitseko nditakhoma, kiyi ali pansi pa pilo, kuopa kuti angatuluke usiku.

Ine wothedwa nzeru,
Chilobwe, Blantyre