Lipoti la msonkhano wa kaphunzitsidwe ka uinjiniya

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Kumene munandituma kuja ndabwerako. Nkhani zinali zambiri, koma yomwe inatidyera nthawi ndi iyi: kodi wophunzira uinjiniya amafunikiradi mbiri yakale, filosofi ndi luso lolemba, kapena masamu ndi fizikisi n'zokwanira?

Chomwe chandikhala pamtima ndi nkhani ya chombo cha m'mlengalenga cha Challenger. Usiku woti mawa lake, pa 28 Januwale 1986, chinyamuke, Roger Boisjoly ndi mainjiniya anzake a kampani ya Morton Thiokol anachenjeza kuti mphira yotseka m'malo olumikizira maroketi iuma ndi kuzizira. Akuluakulu awo analola ndithu kuti chinyamuke. Patangotha masekondi 73 chinasweka, anthu onse 7 n'kufa. Chondiwawa n'chakuti ena mwa ovomerezawo anali mainjiniya nawonso. Ana tikuwaphunzitsawa adzakhala mbali zonse ziwiri za tebulo limenelo, wina wochenjeza, wina wosaina. Kodi timawaphunzitsa liti kufotokoza zoopsa momveka, kapena kukana bwana akamakakamiza?

Ena anatchula za ku MIT, yunivesite ya ku America, komwe aliyense wochita digiri yoyamba amatenga makosi 8 a mbiri, zaluso ndi za chikhalidwe cha anthu. Anatikumbutsanso kuti mgwirizano wa Washington Accord, wa mabungwe a m'maiko osiyanasiyana ovomereza madigiri a uinjiniya, womwe unayamba mu 1989, umafuna kuti womaliza maphunziro azidziwa kulankhula, kugwira ntchito ndi anzake komanso udindo wake kwa anthu.

Otsutsa sanasowe, ndipo sindikuwanyoza. Silabasi ndi yodzaza kale, tichotsepo chiyani? Ine mantha anga ali pena. Kosi yongopachika pambali, ophunzira amailoweza, n'kukhoza mayeso, n'kuitaya pakhomo potuluka. Tonse taziona.

Ndiye maganizo anga ndi akuti zimenezi zilowe m'pulojekiti ya chaka chomaliza. Wofuna kujambula mlatho kapena makina opopa madzi ayambe wakacheza ndi omwe adzagwiritse ntchito chinthucho, alembe zomwe wamva, afotokoze amene apindule ndi amene apwetekeke, kenako aikire kumbuyo pulani yake pamaso pa anthu osadziwa uinjiniya. Mamalikisi a gawo limeneli tizipereka pamodzi ndi anzathu ophunzitsa filosofi ndi ziyankhulo.

Apa mpomwe pali mfundo yovuta, chifukwa nawonso ali ndi makalasi awo, ndipo ntchito yochonga iwonjezeka. Ndikupempha, a wapampando, kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiitane awiri mwa iwo, timve ngati angavomere.