Zotsatira za kafukufuku wa ana athu zizibwerera kumudzi

Bambo Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo masiku ano ndili mu komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu kuno ku Thyolo. Nthawi ndi nthawi nyuzipepala yanu imatiuza za akatswiri a m'mayunivesite amene akwezedwa kapena kulemekezedwa chifukwa cha zolemba zawo, ndipo ine ndimakondwera nawo. Koma mwezi watha mdzukulu wanga wa ku yunivesite atabwera ku holide anandionetsa pa foni yake momwe ulemu umenewu amauwerengera, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike.

Pa intaneti pali tsamba lotchedwa Google Scholar. Mukalemba dzina la katswiri, limakuonetsani mapepala amene iye anasindikiza m'magazini a anthu ophunzira, komanso kuti anzake anawatchula kangati m'zolemba zawo. Palinso nambala ina imene amati h-index, imene anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa ndi anzake kosachepera ka 20. Mdzukuluyo anati nambala zimenezi amaziyang'ana kwambiri pokweza munthu pantchito ndi pomupatsa ndalama za kafukufuku wina. Ndiye ndinamufunsa kuti, nanga mlezi wa pa mkombaphala akamva zimene katswiriyo anapeza nasintha kalankhulidwe kake ndi ana, zimenezo zimalowa pa nambala iti? Anaseka, amvekere, "Agogo, zimenezo kompyuta siwerenga."

Musandimve ngati ndikunyoza akatswiri. Usiku umenewo tinawerenga mpaka bandulo inatha, ndipo zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi, poti ndaphunzitsa ana zaka zambiri osazidziwa. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, mayi Sally Grantham-McGregor ndi anzawo anatenga ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, m'zaka za 1986 ndi 1987. Ena mwa anawo ankayenderedwa pakhomo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi azaumoyo a m'dera, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi mwana pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 anawafunafuna anawo atakula, ndipo pepala limene linatuluka mu 2014 m'magazini ya Science linaonetsa kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Zidole za zitini ndi nsanza, Bambo Mkonzi! Mayi omwewa ndi amene anatsogolera pepala la mu 2007 m'magazini ya The Lancet, lonena kuti ana oposa 200 miliyoni osakwana zaka zisanu m'mayiko osauka sakula m'nzeru kufika pomwe akanafika. Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, choncho nkhani ya ku Jamaica ija ndi yathu yomwe.

China chimene chinandisangalatsa ndi chida choyezera kakulidwe ka mwana chimene chinapangidwira m'dziko muno, chotchedwa MDAT mwachidule. Dokotala Melissa Gladstone wa ku yunivesite ya Liverpool ndi anzake, ena a iwo Amalawi, anaona kuti mayeso ochokera ku Ulaya ndi ku America amafunsa mwana zinthu zachilendo zimene wa kumudzi sanazionepo, ndiye mwana wanzeru bwinobwino amaoneka wotsalira. Anakhala pansi ndi anthu a m'midzi kuwafunsa kuti mwana wokula bwino amaoneka bwanji, ndipo anthu anatchula zinthu ngati ulemu ndi kutumika, zimene ife tonse timazidziwa. Anayesa chidacho pa ana 1,426 a m'midzi, ndipo chinatuluka mu 2010 m'magazini ya PLoS Medicine ndi mfundo 136, zogawidwa panayi: kuyenda ndi kudumpha, ntchito za zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Lero chikugwira ntchito m'mayiko ena ambiri. Dzina la Malawi likuyenda kutali chifukwa cha ana a m'midzi mwathu.

Koma chimene chinandidzutsa pampando ndi pepala la 2018 la Berk Özler wa ku World Bank ndi anzake, chifukwa m'menemo muli dzina la Thyolo. Anafufuza sukulu za mkombaphala 199 m'maboma anayi, a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi lathu lino. Sukulu zonse zinalandira zipangizo zosewerera ndi kuphunzirira. Kwina anaphunzitsa alezi, kwina anawaphunzitsa ndi kuwapatsa kangachepe pamwezi, ndipo kwina anaphunzitsa alezi ndi makolo omwe, m'magulu. Patatha miyezi 18, ana amene anaonetsa kusintha pa kulankhula ndi pa khalidwe lokhala ndi anzawo anali a kumene makolo anaphunzitsidwa. Kumene anaphunzitsa alezi okha, kaphunzitsidwe kanasinthadi, koma pa mayeso a ana sipanaoneke kusiyana. Ndipo patatha miyezi 36 ngakhale phindu la gulu la makolo lija silinaonekenso.

Tamvani zimenezo. Ife a komiti takhala tikulirira maphunziro a alezi chaka ndi chaka, ngati kuti ndiwo mankhwala okha, pomwe mayi amene amatula mwana pa mkombaphala m'mamawa akuthamangira kukathyola tiyi ku esiteti sitinamuitanepo kuti tikambirane naye za kucheza ndi mwana madzulo. Timangomuitana pofuna ufa wa phala, nkhuni kapena udzu wofolerera. Ndikanadziwa kale zimene zili m'pepala limeneli, misonkhano yathu ya makolo ikanakhala ina. Kunena kuti mwana azimufotokozera nthano, azimuyankha akafunsa mafunso ake osathawo m'malo momukalipira kuti akusokosa, aziwerenga naye nthochi za pa mkoko, zimenezi sizilira ndalama ya bungwe lililonse.

Za kuzilala kwa phindu patatha zaka zitatu ndili nawo maganizo anga, ndipo ndi anga ndithu, si a ofufuzawo. Ndinaphunzitsapo Sitandade 1 ya ana oposa 100, ena atakhala pakhonde. Mwana wochokera ku mkombaphala amafika wochangamuka, wodziwa nyimbo ndi kufunsa, koma pofika teremu yachiwiri waphunzira kuti wofunsafunsa ndi wovuta, ndipo amakhala chete ngati anzake. Mbande yabwino ukaiwokera pa nthaka yoguga suyembekeza zambiri. Nkhani ngati imeneyi imafunika aphunzitsi a pulayimale, alezi ndi makolo aikambirane pamodzi, koma aikambirana bwanji asanaimve?

Apa ndiye pagona dandaulo langa. Pa sukulu yathu pafikapo magulu a alendo kangapo, ena ndi mafomu, ena ndi matabuleti. Sinditchula kumene anachokera, ndipo si anthu amene ndawatchula pamwambawa. Amayeza ana msinkhu, amafunsa amayi kuti banja ladya kangati dzulo, amajambula denga lathu lodontha. Amfumu amawalandira, alezi amasiya ntchito tsiku lonse, amayi amaluza ganyu ya tsiku limenelo. Pochoka amathokoza mwaulemu, galimoto n'kuliza fumbi. Mpaka lero palibe gulu ndi limodzi lomwe limene linabwerera kudzatiuza kuti tinapeza zakutizakuti. Mlezi wathu wina, mayi amene walera ana a m'mudzi muno zaka zambiri popanda malipiro, anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, kodi mayankho athu aja amakawataya kuti?" Ndinasowa chomuyankha. Lero ndikuganiza kuti ena mwa iwo amakathera m'mapepala a Chingerezi cholimba, amene ngakhale ali aulere pa intaneti, mayiyu sangawafikire ndi kafoni kake ka mabatani.

Chodabwitsa n'chakuti kuno ku Thyolo tikudziwa bwino momwe kafukufuku amafikira anthu wamba. Akatswiri a zaulimi, monga a pa siteshoni ya Bvumbwe, akapeza mbewu yabwino pamakhala munda wachionetsero, mlangizi amayenda ndi njinga m'midzi, mlimi amaona ndi maso ake n'kufunsa mafunso. Pa chimanga ndi mbatata timatha kutero. Pa ubongo wa mwana, umene akatswiri omwewo amati umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyamba kuchokera pamene mayi waima, timasiya nzeruzo m'mashelefu. Mawu akuti mmera mpoyamba timawalemba pa zikwangwani ndi pa malaya a misonkhano, koma mlezi amene akuthirira mmerawo sauzidwa zimene zapezeka.

Pempho langa ndi ili. Makomiti amene amapereka chilolezo cha kafukufuku m'dziko muno aziika lamulo loti wofufuza aliyense wogwira ntchito ndi ana a m'midzi alembe tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa chomveka, nalibweretse kwa amfumu, kwa alangizi azaumoyo a ku sikelo ndi ku komiti ya sukulu. Mayunivesite athu, kuphatikizapo MUST imene tili nayo pakhomo pompano ku Ndata, pokweza mphunzitsi azimufunsanso kuti zimene unapeza unakaziuza anthu amene unawafunsa aja kapena ayi. Ndipo zotsatira zikhale zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Pepala la 2018 lija ndalilemekeza chifukwa silinabise kuti phindu linazilala, ndipo ife akumudzi sitife nacho choonadi chotere.

Inunso a nyuzipepala muli ndi mbali yanu. Mukamalemba za katswiri amene wasindikiza mapepala ambiri, mutiuzeko m'chinenero chathu chimodzi chokha mwa zimene anapeza, ndi chimene mayi wa ku Thekerani kapena ku Masambanjati angachite nacho mawa m'mawa. Ife tayambapo kale pang'ono. Mdzukulu wanga anandisiyira masamba awiri amene tinamasulira limodzi, ndipo Loweruka likubwerali tidzawawerenga pa msonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa mango wa pa sukulu yathu. Abambo tawaitananso, ngakhale amfumu akuti tikapeza asanu tithokoze.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Thyolo