Dandaulo kwa ogulitsa kit ya ndege: mabowo a phiko mwabowola molakwika

Akuluakulu a kampani imene inandigulitsa kit (zipangizo zoti munthu adzimangire yekha) ya ndege yaing'ono ya mapiko awiri osanjikizana, ndalemba pano poyera chifukwa maimelo anga munasiya kuyankha. Komanso nkhaniyi si ya ine ndekha, ikukhudza aliyense amene akumanga ndege yanuyi.

Zitsulo zolumikizira mapiko apansi ku thunthu la ndege zinabwera zobowolabowola kale, koma mabowo ake sakuyang'anizana ndi a pa spar, mtanda umene umanyamula phiko lonse. Bawuti ya AN5, ya 5/16 inchi, imene pulani yanu ikutchula, ikukana kulowa. Nditafunsa, wa ku ofesi kwanu anandiuza kuti ndingokulitsa bowo ndi kuikapo bawuti yokulirapo ya AN6. Akuluakulu, mukudziwa zimene munthu ameneyu akuuza makasitomala anu?

Aliyense amene anagwirapo chitsulo cha ndege amadziwa kuti kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete pamafunika mpata wokwana pafupifupi kawiri kukula kwa bowolo. AN6 ndi ya 3/8 inchi, ndiye kuti ifuna mpata wa 3/4 inchi, ndipo chitsulo chanucho mpata umenewo chilibe. Ndikakulitsa bowo ndidya nyama ya chitsulo pamalo penipeni pamene phiko lagwirira. Ikanakhala ndege yongouluka mowongoka mwina tikanakambirana, koma inu mumaitsatsa kuti ndi yopidiguka nayo m'mwamba, yopirira +6g ndi -3g, kutanthauza katundu wokwana kasanu ndi kamodzi kulemera kwa ndegeyo wokankhira mapiko m'mwamba, ndi katatu wowakankhira pansi. Mukawonjezera chitetezo cha 1.5 chimene opanga ndege amawerengera, phiko siliyenera kuthyoka mpaka 9g. Ndipo pa ndege ya mapiko awiri katundu amasinthasintha mbali: mukamauluka bwinobwino amakoka ndi mawaya ochokera pansi pa thunthu kupita ku phiko lapamwamba, mukatembenuka chagada amakoka ndi mawaya ena, ochokera pamwamba kupita ku phiko lapansi. Bawuti ikakhala ndi kampata kogwedera, imadya bowo uku ndi uku mpaka mng'alu uyambe, ndipo mng'alu umenewo suoneka chifukwa nsalu ya Dacron imakhala itakuta kale.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mnzanga wina amene anagula kit yomweyi pambuyo panga ali ndi pulani yosiyana ndi yanga. Pa yake chitsulo chomwechi ndi cha mtundu wa 4130, chochindikala, ndipo mabowo munawasuntha. Ndiye kuti vutoli munaliona, munalikonza mwakachetechete, koma ife amene tinagula kale simunatiuze kanthu. Ameneyo adakapanda kundionetsa, bwenzi ndikuganizabe kuti ndine ndikulephera kuyeza.

Pomwepo ndinenenso za kanema wanu wotsatsa, woonetsa ndege ikuuluka chagada nthawi yaitali. Injini ya Rotax 582 imene mumalimbikitsa ili ndi makabuleta a float (okhala ndi kachinthu koyandama pa mafuta), amene sapereka mafuta bwino ndege ikakhala chagada. Ngati ya mu kanemayo munaisintha, nenani, anthu asamayese zimene kit yawo singachite.

Thunthu lowotcherera lija ndilibe nalo mawu, munaligwira bwino, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kubweza kit. Koma woyendera amene akuyang'anira ntchito yanga wakana kusainira mapiko, ndipo sindikumuimba mlandu. Ntchito yaima.

Ndikupempha kuti munditumizire zitsulo za pulani yatsopano, zosabowola, ndidzabowole ndekha molingana ndi spar, pamodzi ndi chikalata chotsimikiza mtundu wa chitsulocho. Munditumizirenso zotsatira za kuyesa mapiko ndi katundu, zolembedwa, zimene mukutengerapo +6g ndi -3g yanuyo. Ndipo lembani kalata kwa onse amene ali ndi pulani yakale, makamaka amene anamvera malangizo okulitsa bowo ndipo ndege zawo zikuuluka kale. Yankho lanu muliike pansi pano pamene onse aliona.