Wopsinjidwa ndi katundu asagone kunyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde pa nkhani imene yatigoneka pasiwa kwathu kuno.

Alamu anga ankachokera kudimba ndi ngolo yodzaza matumba a mbatatesi. Pamtsetse ng'ombe zinadzidzimuka, ngolo n'kupidiguka, n'kuwapsinja ntchafu zonse ziwiri. Anakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, anthu asanawapeze. Titawatulutsa analibe bala, fupa silinathyoke, ndipo choyamba kufunsa chinali ng'ombe zawo. Tonse tinati Mulungu ndi wamkulu. Tinawathowa ndi madzi otentha, n'kuwagulira mapilitsi a ululu pamsika.

M'mawa mwake mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka. Tsiku lachitatu unasiyiratu. Pamene tinkafika nawo kuchipatala, impso zinali zitaima kale. Pamaliro ena ankanong'ona za ufiti, poti munthu wopanda bala angafe bwanji? Zimenezo zinandipweteka, chifukwa anamwino anali atandifotokozera zoona zake.

Mnofu ukapsinjidwa kwa nthawi yaitali, magazi safikako ndipo umayamba kufa. Katundu uja akachotsedwa, magazi amabwerera n'kukokolola zonse zotuluka mu mnofu wowonongekawo. Mwa zimenezo muli potaziyamu (mchere wina wa m'thupi), amene akachuluka amatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi, komanso myoglobin (puloteni ya mu mnofu), imene imatseka tinjira ta mu impso. Ndiyo imadetsa mkodzo. Dokotala Eric Bywaters analemba za vutoli mu 1941, ataona anthu ofukulidwa m'nyumba zogumulidwa ndi mabomba ku London akumwalira patapita masiku, chonsecho anatuluka akulankhula. Chimene chimateteza impso ndi diripi yoikidwa msanga. Mapilitsi ngati ibuprofen ndi diclofenac, amene ife tinathamangira, amangozilemetsa.

Pali chinanso. Mwendo ukatupa n'kuuma gwa, ululu n'kumakula koposa mmene ukuonekera, kapena zala kuchita dzanzi, ndiye kuti kutupako kwatseka mitsempha. Madokotala amang'amba kuti mnofu upume, koma zimafunika maola ochepa asanadutse, apo ayi mwendo ukhoza kudulidwa.

Ngozi zotere sizisowa kuno. Achinyamata amakwiririka m'maenje a golide, zipupa za zidina zimagwa m'dzinja monga tinaonera ndi namondwe Ana mu 2022, ndipo mathiraki amagubuduka pamsewu wa Moatize kupita ku Zóbuè.

Pempho langa lipite kwa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mawailesi athu a Chichewa. Auzeni anthu kuti wopsinjidwa achotsedwe msanga, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuyenda yekha. Omuperekeza anene nthawi imene wakhala pansi pa katunduyo, ndipo aziyang'ana mtundu wa mkodzo wake. Ife tinali ndi njinga yamoto pakhomo madzulo amene aja, mafuta alimo.

Mlimi wodandaula,
Ulongwe, Angónia