Lipoti la msonkhano wa opanga mafilimu ku Blantyre

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Chitakale, ndabwerako kumene munandituma. Alawansi inathera pa minibasi ya ku Limbe, pogona ndi chakudya. Malisiti ali ndi a msungichuma, amene ankang'ung'udza aja akaone okha.

M'mawa munali malankhulidwe ndi za kulembetsa ntchito zathu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso. Mapepala ndabweretsa.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la kajambulidwe ka ndewu mu filimu. Mphunzitsi anaimika anyamata awiri, kamera ili kuseri kwa phewa la womenya. Nkhonya inadutsa patali ndi chibwano, mpata wa chikhatho chathunthu, koma womenyedwayo anaponya mutu pa nthawi yake, maondo nkulobodoka, mpweya nkubanika. Poonera pa sikirini tonse tinakuwa kuti mayo! Kenaka anaitana wina wodziwadi karate koma nkhope ili gwa, ndipo zinangokhala ngati masanje. Phokoso la nkhonya amaliika pambuyo pa kompyuta, koma mantha ndi ululu ayenera kuchokera m'maso mwa wosewerayo. Anatikumbutsanso za Isaac Nabwana wa ku Wakaliga ku Kampala, yemwe mu 2010 anatulutsa filimu ya nkhondo ndi ndalama zosapitirira madola 200, mfuti zake zochita kupanga okha, koma inaoneredwa mpaka kunja chifukwa osewera ake anadzipereka ndi thupi lonse.

Ndiye a komiti mundikhululukire, zobwereka drone, kandege kojambulira kuchokera m'mwamba, kuti tijambule minda ya tiyi ndi Sapitwa ine sindikugwirizana nazo. Phiri lilipo kale, silifuna malipiro. Ndalamayo igule maikolofoni ndi chakudya cha masiku oyeserera, chifukwa anthu amathawa maphunziro chifukwa cha njala. Ndiponso filimu yathu ya mbava za ku Muloza, bwanji udindo waukulu tinapatsa munthu chifukwa cha minofu ndi chibale? Mayi amene analiza msika wonse wa Limbuli posewera namfedwa tawasiya aziphikira anzawo nsima. Zimenezi zimandiwawa.

Msonkhano unagwirizana kuti magulu a m'boma limodzi azibwerekana zipangizo. Ndinakweza nawo dzanja, koma nkhani ya magetsi athu ojambulira amene anabwerako atasweka sinathebe, ndipo palibe walipira. Tisanabwereke aliyense, pakhale kalata.

Ndikupempha tikumane Loweruka kuti maudindo onse ayesedwenso pamaso pa kamera, ndipo ndidzakuonetsani mmene nkhonya ija amaiponyera.