Lipoti la ku maphunziro a kusindikiza, kupita ku gulu lathu la ku Bembeke

A wapampando, a mlembi, a msungichuma, makolo athu amene mumatiyang'anira pa gulu lino, ndi anzanga nonse, landirani moni. Ndinafika dzana madzulo. Minibasi inanditsitsa pa Dedza boma kutada kale, kenako wa kabaza anandifikitsa kuno kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa. Ndaona kuti ndisadikire msonkhano wa Loweruka, ndilemberetu pano pa WhatsApp kuti amene ali kudimba kukumba mbatata ndi amene ali ku Lilongwe kapena ku Joni awerenge pa nthawi yawo.

Munandituma kuti ndikaphunzire m'mene tingasandutsire kabuku nkhani za agogo athu zomwe takhala tikulemba m'makope chaka chonsechi. Maphunziro anali a masabata awiri pa koleji ina ku Lilongwe. Anandilowetsa m'kalasi la ophunzira ntchito yosindikiza, ndipo aphunzitsi anatigawa m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi kuti gulu lililonse litulutse kabuku kake, kuyambira kulemba mpaka kumanga ndi sitepula. Tonsefe kuno takhala tikudandaula za laputopu. Ine ndabwerako ndikuona kuti chomwe chatichedwetsa n'china: mpaka lero sitinagwirizane kuti kabuku kathu kakhala ndi masamba angati, ndipo tsamba lililonse n'landani.

Tsiku loyamba kompyuta sitinaikhudze n'komwe. Aphunzitsi athu, bambo achikulire omwe inki inawalowerera mpaka m'zikhadabo, anapatsa aliyense mapepala anayi a A4. Anati tiwapinde pakati, tilowetse lina mkati mwa linzake ngati kope la mwana wa sukulu, ndipo tilembe manambala ndi pensulo pa tsamba lililonse kuyambira 1. Anakwana 16. Ndiye anati timasule, tiyale mapepalawo patebulo. Ndinayang'ana pepala lakunja lija: kumanzere kuli 16, kumanja kuli 1. Nditalitembenuza, 2 wakhala ndi 15. Pepala lachiwiri, 14 ndi 3, kuseri kwake 4 ndi 13. Paliponse manambala awiri oyandikanawo ukawaphatikiza akupereka 17, ndipo masamba otsatana amene akhalira limodzi ndi 8 ndi 9 okha, pakati penipeni. Kabuku kongoyeserera kameneka amakatcha dummy, ndipo palibe gulu lomwe linaloledwa kuyatsa kompyuta lisanalembe pa dummy yake kuti pa tsamba ili pakhala nkhani ya uje, apa chithunzi, apa ndakatulo.

Pepala limodzi lopindidwa limabereka masamba anayi, choncho kabuku komanga ndi sitepula pakati kamayenda 8, 12, 16, 20, 24. Masamba 17 kulibe. Gulu lathu la m'kalasi linazimva m'thupi, chifukwa titasonkhanitsa zolemba zathu zinakwana 17 ndendende. Panali njira ziwiri: kudula tsamba limodzi kapena kusaka zodzazira masamba atatu owonjezera n'kulipira pepala lina pa kabuku kalikonse. Tinakangana masana onse. Aliyense ankati nkhani ya mnzake ndiyo yatalika. Potsiriza mtsikana wina wa ku Mponela anatenga pensulo n'kuyamba kudula ndime ziwiri za nkhani yake yomwe, enafe manyazi anatigwira, aliyense n'kuchotsako pang'ono. Mkangano umenewu ukubwera kwa ifenso. Nkhani ya ulendo wa Angoni yokha ili ndi masamba asanu ndi awiri a m'kope, ndipo ndikudziwa kuti amene anailemba anayenda wapansi maulendo atatu kukaimva. Ndi bwino tikangane Loweruka tili ndi pensulo m'manja kusiyana n'kukakangana pakhomo pa wosindikiza ndalama zitatuluka kale.

Chinanso chomwe dummy inandiphunzitsa n'chokhudza kuchedwa. Mnyamata mmodzi wa m'gulu lathu anali ndi tsamba 5 ndipo anabweretsa nkhani yake masiku awiri atadutsa. Iye ankaona ngati wachedwetsa tsamba lake lokha. Koma tsamba 5 lili pa pepala limodzi ndi 6, 11 ndi 12, kotero anthu ena atatu omwe anamaliza pa nthawi yake anangokhala manja lende, makina akusindikiza za magulu ena. Mawa lake magetsi anazima kuyambira m'mawa, ndipo tinamaliza usiku tikuthamanga. Ndikunena izi mosabisa chifukwa timadziwana: tikaika tsiku lopereka nkhani, likhale tsiku lomwelo, kupatula pa maliro ndi matenda.

Za mapulogalamu sindichulukitsa. M'kalasi tinkagwiritsa ntchito InDesign, yomwe ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo thumba lathu silingakwanitse. Ilipo ina yotchedwa Scribus, yaulere, ndipo ukaiika pa laputopu imagwira popanda intaneti. Ndabwera nayo pa fulashi. Chofunika n'chakuti kwa wosindikiza tisapite ndi fayilo ya Word, chifukwa ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imasuntha, masamba 16 aja n'kusanduka 17. Tipite ndi PDF yomwe zilembo zake zatsekeredwa momwemo.

Pa chilankhulo m'pamene mtima unandipweteka, chifukwa gulu lathu lokha ndi lomwe linasankha kulemba m'Chichewa. Kompyuta Chichewa sichidziwa. Mawu akafika kumapeto kwa mzere imawadula ngati a Chingerezi. Pa tsamba lathu loyamba, mawu akuti ng'ombe anawadula n kutsala pamwamba, g'ombe kutsikira pansi. Mphunzitsi anasanduka mp pamwamba, hunzitsi pansi. Mwana wa sitandade 2 amadziwa kuti timati mphu-nzi-tsi, phatikizo lililonse kuthera pa lembo la liwu, koma makina sanapite ku sukulu yathu. Mankhwala ake n'kuzimitsa kudula mawu kochita kokhako, ndipo pomwe pafunika kudula tidule tokha. Panalinso mnzathu amene amalemba Malaŵi ndi w wa kachipewa, monga amalembera akuluakulu ambiri. Mtundu wa zilembo womwe tinasankha chifukwa chokongola unalibe lembo limeneli, ndipo pa pepala panangotuluka kabokosi. Choncho tisanakonde mtundu wina uliwonse wa zilembo, amati font, tiyambe talemba nawo ŵ, ng' ndi m' n'kusindikiza tione.

Nkhani ina ndi ya kalembedwe ka ife eni. M'makope athu wina walemba m'mudzi, wina mmudzi. Wina n'chifukwa, wina nchifukwa. Dzina la mfumu imodzi yomweyo lalembedwa mitundu itatu. Owerenga akaona zotere amaleka kukhulupirira nkhaniyo. Aphunzitsi anatilembetsa pepala limodzi la mgwirizano wa kalembedwe n'kulimata pakhoma, ndipo aliyense ankatsata lomwelo. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo, amasungidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board. Aphunzitsi a Chichewa omwe ali pa gulu lino atithandize pamenepa. Mawu a Chingoni omwe agogo anatchula tibwerere tikawafunsenso, atchule pang'onopang'ono, tisalembe zongoganizira.

Tsopano zithunzi. Chithunzi cha pachikuto chathu chinabwera pa WhatsApp, ndipo pa foni chinkaoneka chakuthwa bwinobwino. Chitatuluka pa pepala nkhope ya mayi anali pamenepo inangoti mbuu ngati phiri la Dedza tsiku la nkhungu, maso osaoneka pomwe athera. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo. Pepala limafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye chikuto cha A5, chomwe ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, chimafuna chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 1750 ndi 2480. Amene muli ndi zithunzi za agogo, musazitumize mwachizolowezi. Tumizani ngati document, kapena bwerani ndi foni Loweruka tidzakoke ndi kebulo. Mitundu nayo imasintha. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina amasakaniza inki zinayi zomwe amazitcha CMYK: yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Masamba obiriwira owala a pa foni pa pepala amatuluka ozimirira, ndipo pamenepo wosindikiza sanalakwe. Chithunzi chofika m'mphepete mwa tsamba chiyenera kupitirira ndi mamilimita 3 kunja, amati bleed, chifukwa mpeni waukulu wodulira sugwa pamzere ndendende nthawi zonse. Gulu lina linanyozera zimenezi, mabuku awo onse anatuluka ndi kamzere koyera m'mbali.

Pa zithunzi pomwepa pali nkhani ya ulemu, yomwe kwa ife ndi yaikulu kuposa ya mapikiselo. Gogo aliyense amene nkhope yake kapena mawu ake alowa m'kabuku tikamuwerengere zomwe talemba, avomere yekha. Ena mwa inu munafuna tsamba la zojambula za m'mapanga a ku Chongoni. Ndikugwirizana nazo, ndi chuma chathu cha kuno, malo 127 omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Koma zambiri mwa zojambulazo zimakhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu, ndipo pali zina zosayenera kutambasulidwa pa pepala loti mwana aliyense atola. Tiyambe tagwada kwa mafumu ndi anamkungwi, atiuze pofika ndi polekeza. Chithunzi chongotola pa Facebook chili ndi mwini wake, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016, lomwe a COSOMA amayang'anira, limamuteteza. Tijambule zathu.

Cholakwa chachikulu cha gulu lathu ndabwera nacho m'chikwama kuti mudzachione ndi maso. Tinasindikiza zikuto 30 za mitundu, pa pepala lokhuthala lodula, ndipo pa mutu penipeni mawu akuti achinyamata anatuluka achinyamta. Tonse asanu ndi mmodzi tinali titawerenga chikutocho, ena kawiri. Anachiona ndi mayi amene amasesa mu workshop, atangotola chimodzi patebulo. Diso la mwini nkhani limawerenga zomwe zili m'mutu mwake. Kuchokera tsiku limenelo aphunzitsi anatilamula kuti tisindikize kabuku kamodzi kokha koyamba, amati proof, tikapinde, tikapereke kwa munthu amene sanalembe nawo awerenge mokweza liwu ndi liwu, kenako mkonzi asayine ndi cholembera. Popanda siginecha makina sayaka. Kwathu kuno ndikupempha kuti owerenga proof akhale awiri, mphunzitsi mmodzi ndi kholo limodzi, ndipo mkonzi akhale mmodzi yekha amene mawu ake ndi omaliza.

Anatiyendetsanso kukaona makina aakulu a offset, omwe amafuna kuti uyambe wapanga mapuleti, imodzi pa inki iliyonse. Mtengo waukulu uli pa mapuletiwo, choncho amapindulitsa ukamasindikiza mabuku ambirimbiri. Ife ofuna timabuku 100 atiyenera ndi makina a digito, mkati zakuda zokhazokha, mitundu pachikuto basi. Masamu ake ndi awa: kabuku ka masamba 16 kamadya mapepala anayi a A4, timabuku 100 ndi mapepala 400, ndipo rimu imodzi ili ndi 500, zotsalazo ndi za proof ndi zoonongeka. Mkati pepala wamba la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) likwanira, chikuto chikhale cha 200 gsm kapena kuyandikira pamenepo, ndipo chiyambe chapanidwa mzere pakati chisanapindidwe, apo ayi inki imasweka pamsana. Sitepula ya mu ofesi siifika pakati pa pepala, pamafunika ya mkono wautali, ndipo imeneyi tifunse ku sukulu kapena ku parishi tisanaganize zogula. Rimu isatsegulidwe mpaka tsiku lake. Pepala limamwa chinyezi, ndipo ndi nkhungu ya kuno limapindika n'kumakodwa m'makina.

Ndili mu workshop muja ndinkakumbukira kuti ntchitoyi si yachilendo m'dera lathu. Ku Nkhoma, pafupi pomwepa, ndi ku Likuni amishoni ankasindikiza mabuku a Chichewa kalekale, anthu akutola lembo limodzilimodzi lachitsulo ndi zala n'kumalisanja chagada. Mabuku a nyimbo omwe agogo athu amasunga m'mipango anadutsa m'manja otero, ndipo ukawatsegula zolakwa zake n'zowerengeka.

Lamulo la dziko lino la zosindikizidwa limafuna kuti m'buku mulembedwe dzina ndi keyala ya amene wasindikiza, ndiponso kuti kope limodzi litumizidwe ku National Archives ku Zomba. Komweko ndi komwe amapereka nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, ngati tidzafune kugulitsa m'mashopu a mabuku. Ine zinandikhudza kuganiza kuti mawu a gogo wa ku Bembeke akasungidwa ku Zomba, mdzukulu wa mdzukulu wake n'kudzawapeza. A mlembi, kalata yopita ku National Archives ndi yanu, ndikuthandizani kulemba.

A msungichuma, malisiti a thiransipoti, chakudya ndi malo ogona ndawasunga onse mu envelopu, pamodzi ndi ndalama yomwe yatsala, ndidzapereka pamaso pa gulu. A wapampando, ndikupempha kuti Loweruka mundipatse ola lathunthu tisanalowe nkhani zina. Aliyense abwere ndi kope lake, pensulo ndi mapepala anayi, ngakhale olembedwa kale kuseri. Tidzapinda dummy yathu, tidzasankha mkonzi ndi owerenga proof, ndipo tisadzabalalike tsamba lililonse kuyambira 1 mpaka 16 lisanalembedwe dzina la mwini wake ndi tsiku lopereka. Amene simudzakhalapo, nditumizireni kuno chiwerengero cha mawu a nkhani yanu pofika Lachisanu madzulo.